NTHAWI YA ALLAH M'TSIKU LA MUNTHU WOTANGANIDWA



Abale ndi alongo mu Chisilamu, inu a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ndi Chiuta, a ku Malombe, a m'mphepete mwa Shire pa Liwonde, a ku Ntaja, Nsanama, Ulongwe ndi Balaka, tiyeni timuyamike Allah amene watifikitsanso ku mwezi wa Ramadhani. Ena amene tinasala nawo chaka chatha lero ali kumanda.

Dandaulo limene a Shehe ndi amwalimu amalimva kawirikawiri m'mwezi uno ndi lakuti, "Kusalako ndikusala, koma zinazo nthawi ndilibe." Munthu wonena choncho tisathamangire kumudzudzula, pakuti nthawi zambiri sakunama. Mwezi wa Ramadhani umatsata mwezi wa kumwamba, choncho chaka chilichonse umabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11, ndipo pakapita zaka pafupifupi 33 umafikanso pamene unayambira. Achikulire akukumbukira zaka za 1981, 1982 ndi 1983 pamene tinasala mu June ndi July, kunja kukuzizira, usana uli waufupi, chimanga chili m'nkhokwe. Zinateronso m'zaka za 2014 mpaka 2016. Koma mu 2024 ndi 2025 kusala kunayamba mu March, ndipo mu 2026 mu February. Imeneyi ndi nyengo ya dzinja. Udzu ukumera usiku ndi usana, mpunga wa kudambo ukufuna mwini wake, thonje la ku Balaka likufuna mankhwala, ufa m'nyumba watha ndipo bambo akuyendera ganyu. Kuchokera m'bandakucha kufikira kulowa kwa dzuwa ndi maola oposa 13 opanda ndi dontho la madzi lomwe. Allah akuziona zonsezi, ndipo sanalamule kuti khasu ligonekedwe mwezi wathunthu. Kusala kunalamulidwa m'chaka chachiwiri cha Hijra, ndicho 624, ndipo m'Ramadhani yomweyo, pa tsiku la 17, Maswahaba anali ku nkhondo ya Badr. Mzinda wa Makka unatsegulidwanso m'mwezi wa Ramadhani, m'chaka cha 630. Anthu amenewo sanali ogona.

Nanga tichite bwanji? Taonani mlimi wanzeru akakolola. Iye sadya kaye kuti mbewu adzatenge pa zotsala, chifukwa akudziwa kuti zotsala sizidzakhalapo. Amayamba wasankha ngala zabwino, nazimanga, nazipachika patsindwi pamene pali utsi, kenaka ndiye banja lidye. Ngakhale njala ya mu January ifike pakhosi, mbewu ya chaka chamawa siikhudzidwa. Nthawi ya Allah ndi chimodzimodzi. Amene akudikira kuti ntchito ithe kaye ndiye aswali adzadikira mpaka tsiku lomusambitsa, popeza ntchito ya pakhomo simatha. Yambani mwapatula nthawi za Swala, ntchito zonse zilowe m'mipata yotsalayo.

Ndipo mbewuyi si yochuluka monga Satana amationetsera. Tiwerengere pamodzi. Subuhi ndi raka 2, Dhuhuri 4, Asiri 4, Magharibi 3, Isha 4, zonse pamodzi 17. Tipatse Swala iliyonse mphindi 10 pamodzi ndi udhu wake, zikwana mphindi 50. Tsiku lili ndi mphindi 1,440. Mpira umodzi wa ku Ulaya umene anyamata athu amakaonera pa kanema kumsika ndi mphindi 90, ndipo sitinamvepo wina akuti walephera kuupezera nthawi.

KUMUNDA NDI PANYANJA

Tsiku la wosala limayamba usiku. Ife otsata Imamu Shafi timamanga niya ya kusala usiku uliwonse kusanache, ndiye musagone musanaimange mumtima. Dakwi musaithawe, ngakhale itakhala nsima ya chimbala ndi madzi okha. Muli madalitso m'menemo, komanso ndi imene idzakugwireni m'mimba pamene muli pamzere. Chimene chimatipweteka ambiri ndi ichi: tadya dakwi, adhana sanamveke, tikuti tingotsamira pang'ono, basi kudzidzimuka dzuwa lili pamwamba pa mitengo. Subuhi yapita, ndi kam'mawa kozizira kogwirira ntchito kapita. Mukadya khalani tsonga. Kampata kameneko ndi ka dua ndi Qur'an, ndipo nyumba ili zii, ana sanadzuke. Mukaswali Subuhi tengani khasu. M'mera mpoyamba. Amene wayamba kupalira kusanatenthe akhoza kuweruka dzuwa lisanafike paliwombo, nakapuma pang'ono, nadzukira Dhuhuri ali ndi mphamvu.

Ngati munda uli kutali ndi mzikiti, musati Swala yakanika. Umma uno unapatsidwa dziko lonse kukhala malo oswalira, malinga pakhale poyera. Nyamulani kabotolo ka madzi a udhu ndi thumba loyera loyala pansi. Kibla kwa ife kuno ndi kumpoto, kupendekera pang'ono chabe kuvuma. Wopanda wotchi azike ndodo: dzuwa likapendeka kuchoka paliwombo ndiye Dhuhuri yalowa, mthunzi wa ndodoyo ukapitirira kutalika kwa ndodo ndiye Asiri. Makolo athu ankadziwira nthawi pomwepo, mafoni kusanabwere.

Inu asodzi nkhani yanu ndi yolemera koposa, ndipo tiikhalire pansi. Amene mumagona pa zimbowera m'kati mwa Chilwa kutsata matemba, ndi amene mumakoka makoka ku Malombe, ntchito yanu siyenda ndi belu. Nsomba zikalowa zalowa. Koma kumbukirani kuti madzi a m'nyanja ndi oyera, ngakhale a Chilwa amene ali ndi kamchere. Udhu wanu uli pafupi kuposa wa munthu aliyense. Ngati mungathe kukocheza ndi kuswali pamtunda, chitani choncho. Ngati simungathe, swalini m'ngalawa momwemo, choimirira pamene kuima kukutheka, chokhala pamene bwato lingakugwetseni, ndipo mukatsika mukafunse a Shehe anu ngati Swala imeneyo ifunika kuibwereza. Chimene sichiloledwa ndi kuunjika Swala za masiku atatu ngati ngongole ya kugolosale. Inu eni ake a ngalawa ndi maukonde, alovi anu ali m'manja mwanu. Mukawauza kuti Asiri ikakwana nkhafi ziime, ziima. Mukapanda kutero, dziwani kuti ndalama ya nsombazo yalowa m'thumba lanu pamodzi ndi Swala za ana a eni ake. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anakhala pamatope ong'aluka. Amene anaziona akudziwa kuti nsombazi zili ndi Mwini wake.

Anyamata a kabaza pa Balaka ndi pa Liwonde, ndi amayi ogulitsa mumsika, pangananani awiriawiri: wina akaswali, mnzake aonere njinga kapena katundu. Kasitomala mmodzi akhoza kukudutsani, inde. Rizki imene inalembedwa kwa inu siingakwere njinga ya wina.

Wodwala, wapaulendo, mayi wapakati kapena woyamwitsa amene akuopera moyo wake kapena wa mwana, Allah anawapatsa chilolezo chomasula ndi kudzabweza masikuwo. Waganyu amange niya nayambe kusala; ngati pakati pa tsiku afika poti moyo uli pangozi, amasule, adzabweze.

KODI AMAYI ASWALI NTHAWI YANJI?

Apa ndi pamene tikufuna abambo mutchere khutu, chifukwa nthawi ya Allah m'nyumba imodzi sipezeka kwa munthu payekha. Tayang'anani tsiku la mkazi wanu. Iye ndi woyamba kudzuka, kukoleza moto ndi nkhuni zonyowa za dzinja kuti inu mudye dakwi. Kumunda mupita limodzi. Pobwerera inu mwanyamula khasu, iye wasenza nkhuni, mwana kumbuyo. Inu mukapuma pamthunzi, iye ali kumjigo, kenaka kuchigayo, kenaka kusinja nsinjiro. Asiri imupeza pamoto, utsi uli m'maso, m'mimba mulibe kanthu monga mwanu momwemo. Magharibi ikakwana akupakulira inu ndi alendo amene mwabwera nawo osamuuza. Inu mwavala mkanjo wochapidwa kupita ku Tarawehe, iye akutsuka mbale. Pakutha pa mwezi bambo wamaliza Qur'an, mayi sanatsegule ndi tsamba limodzi lomwe. Ndiye bambo yemweyo n'kumanena pabwalo kuti akazi a masiku ano ndi aulesi pa dini! Ayi ndithu, achimwene, tiope Allah.

Mayi Aisha, Allah asangalale nawo, atafunsidwa zimene Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, ankachita m'nyumba, anafotokoza kuti ankathandiza a pabanja pake ntchito za pakhomo, ndipo nthawi ya Swala ikakwana ankatuluka kukaswali. Ankasoka yekha chovala chake ndi kukonza nsapato zake. Ife timakonda sunna ya ndevu ndi ya mafuta onunkhira, ndi zabwino zimenezo, koma sunna ya kunyamula chigubu timaidumpha. Bambo amene ali ndi njinga atunge madzi ndi kupita kuchigayo mwezi uno. Anyamata awaze nkhuni m'malo mwa bawo. Adhana ya Asiri ikamveka, wina aonere poto kuti mayi aswali modekha, osati chothamanga akuopa kuti ndiwo zipserera. Anzanu a pabawo adzaseka masiku awiri, lachitatu adzatopa.

Nanunso amayi, chepetsani mapoto. Mwezi uno si wa mpikisano wa kuphika. Phala, mbatata yotendera kapena chinangwa, nsima ndi ndiwo imodzi, zakwana. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndipo masiku amene mwapumitsidwa kuswali ndi kusala, khomo la dhikiri, dua ndi sadaka silinatsekedwe.

Za Qur'an tinene mwachidule. Ili ndi majuzu 30, ndipo m'misahafu yambiri juzu imodzi ndi masamba 20. Masamba 4 pambuyo pa Swala iliyonse, mwezi ukamatha mwamaliza. Amene simungathe zimenezo werengani tsamba limodzi, koma tsiku lililonse. Amene simunapite ku madrasa, mwana wanu akuwerengereni inu mukumvetsera, ndipo tanthauzo lake lilipo m'Chichewa ndi m'Chiyao. Foni ndi wailesi zikuthandizeni pa zimenezi. Koma foni yomweyo ndiyo mbala yaikulu ya nthawi pakati pa Dhuhuri ndi Asiri, ndipo miseche ya pa WhatsApp imadya malipiro a swaumu monga miseche ya pachitsime.

KHOMO LA MNANSI

Munthu akhoza kusunga Swala zonse zisanu nakhalabe wouma mtima. Nchifukwa chake pa tsiku lanu mupatulenso kanthawi ka anthu, ndipo kakhale kodziwika, osati "ndikapeza mpata." Nthawi yabwino ndi pakati pa Asiri ndi Magharibi, pamene thupi lalefuka ndipo ntchito yolemera siitheka. Sankhani khomo limodzi. Agogo amene denga lawo likudontha, mayi wamasiye amene munda wake wagonja ndi udzu, wodwala amene alibe womutengera kuchipatala. Wopanda ndalama asadzichotse pa mndandanda: mizere 10 yopalira mnzako ndi sadaka, mtolo wa udzu padenga ndi sadaka. Womupatsa wosala chomasulira amapeza malipiro onga a wosalayo, ngakhale chitakhala chikho cha phala.

Zaka zapitazi zatiphunzitsa. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo Ramadhani ya chaka chimenecho inapeza mabanja ambiri a chigawo cha kumwera ali m'misasa. Mu March 2024 boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. M'zaka zotere pamakhala nyumba zimene zimasala popanda dakwi ndi kumasula ndi madzi okha, ndipo eni ake sanena chifukwa cha manyazi. Musadikire kuti apemphe. Tumani mwana ndi mbale yovundikira kusanade.

Ndipo musafunse kaye kuti amapemphera kuti. Kuno ku Machinga ndi Balaka Asilamu ndi Akhristu timamwa mjigo umodzi, timakwatirana, timaikana maliro. Mu 2025 ndi 2026 nyengo yawo ya Lenti inayamba pafupifupi pamodzi ndi Ramadhani yathu, nawonso akulimbana ndi funso lomweli la kupezera Mulungu malo pakati pa ntchito. Mnansi ali ndi ufulu wake pa inu chifukwa cha unansi womwewo, kaya ndi wa kumzikiti kaya wa kutchalitchi.

Masiku 10 omaliza konzekeranitu. M'menemo muli Lailatul Qadri, umene timaufunafuna m'mausiku a 21, 23, 25, 27 ndi 29, ndipo ubwino wake umaposa wa zaka 83. Tsoka lake ndi lakuti masiku omwewo ndiwo timathera kwa atelala ndi m'misika kufuna nsalu za Idi. Gulani ndi kusoketsa mwezi usanafike pakati. Amene akukhala itikafu mumzikiti asiye pakhomo pali ufa ndi nkhuni, ndipo bambo ndi mayi apangane usiku woti wina aonere ana mnzake akuswali.

Zakaatul Fitri ndi muyeso wa pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka kapena atatu a chakudya chimene mumadya kwanuko, chimanga kapena mpunga, pa munthu aliyense wa m'nyumba, ndi khanda lomwe. Iyenera kufika kwa wosauka Swala ya Idi isanaswalidwe. Amene muli nacho chakudyacho yezeranitu tsopano, muchiike m'thumba lakelake, ndipo a komiti ya mzikiti alembe mayina a olandira sabata lomaliza lisanafike, kuti wa chimanga apeze nthawi yopita nacho kuchigayo.