Sikelo ya masamba, kapu ya mpunga



Ife amene tinakulira m'maesiteti a tiyi kuno ku Thyolo, kaya ku Satemwa, ku Makandi kapena ku Conforzi, sikelo timaidziwa bwino. Mayi athyola masamba kuyambira m'mamawa, ndiye nthawi yoyeza ikakwana maso onse amakhala pa manambala. Palibe amene angalole kuti theka la kilo lisowe, chifukwa ndi thukuta lake limenelo.

Koma kunyumba mpunga timayeza ndi kapu. Ramadhani ikamapita kumapeto funso limabwera: Zakatul Fitr ndipereke makapu angati?

Ibn Umar (RA) adatiuza kuti Mtumiki (SAW) adalamula sa' imodzi ya tende kapena barele pa Msilamu aliyense, wamkulu ndi mwana yemwe, ndipo iperekedwe anthu asanapite ku Swala ya Idi. Sa' imeneyi ndi muyeso wa chotengera, osati wa sikelo. Ndi ma mudd anayi, ndipo mudd imodzi ndi manja awiri ophatikiza, odzadza, a munthu wa thupi lapakatikati. M'chotengera chimodzi chomwecho barele amapepuka, mpunga umalemera. N'chifukwa chake mashehe akamawerengera m'makilo ena amati 2.5, ena amati 3. Musadabwe nazo.

Tsono tiwerengere limodzi. Kapu ya 250 ml yodzadza mpunga wosaphika imalemera pafupifupi magalamu 200. Ndiye kuti makapu 5 ndi kilo imodzi. Makilo 2.5 ndi makapu 12 ndi theka, makilo 3 ndi makapu 15. Banja la anthu 6 lipereka makilo 15 mpaka 18.

Chenjerani apa: makapu a m'nyumba zathu safanana. Ina ndi yaing'ono yomwera tiyi, ina ndi chikapu chapulasitiki. Tengani yanuyo, idzadzeni, mukaiyeze kamodzi pa sikelo ya pagolosale, basi mwadziwa. Zidzakuthandizaninso pa pilau ya tsiku la Idi: kilo imodzi ya Kilombero ndi makapu 5 aja, ndipo ambiri amathira makapu awiri a madzi pa kapu iliyonse ya mpunga.

Koma nkhani yaikulu ili mumtima. Surat Al-Mutaffifin, sura ya 83, ikuchenjeza anthu amene akamalandira amafuna muyeso wodzadza, koma akamapatsa anzawo amachepetsa. Anthu a ku Madyan, omwe Mneneri Shuaib (AS) adatumizidwa kwa iwo, adaonongedwa, ndipo limodzi la machimo awo lidali kubera pa miyeso ndi sikelo.

Tidzifunse, abale. Pa sikelo ya masamba timafuna galamu iliyonse iwerengedwe. Nanga pa mpunga wa masikini, bwanji timasankha kakapu kakang'ono? Bwanji wabwino timasunga wa Idi, woswekasweka n'kupereka? Mayi wamasiye amene alandire thumbalo alibe sikelo, sakayeza. Angoti zikomo. Koma Allah akuona, ndipo tsiku la Qiyama ntchito zathu nazo zidzaikidwa pa Mizani.

Ngati mukukayika pakati pa 2.5 ndi 3, ndipo Allah wakupatsani, perekani 3. Kapu ziwiri ndi theka zoonjezerazo sizingakusaukitseni, koma kwa wina ndi chakudya cha ana tsiku lonse.

Allah atipange kukhala anthu a muyeso wodzadza, ndipo alemeretse sikelo yathu ya zabwino. Ameen.