Tracy anafera mlandu wa ndani?

Mu filimu ya Alfred Hitchcock yotchedwa Blackmail, yomwe inatuluka ku Britain mu 1929, mtsikana wina, Alice White, anabaya ndi mpeni wodulira buledi mwamuna wojambula zithunzi amene ankafuna kumugwirira. Chibwenzi chake, Frank Webber, wapolisi wa ku Scotland Yard, anatola gulovu ya Alice pamalopo n'kuibisa. Posakhalitsa kunatulukira Tracy, tambwali wodziwa zimene zinachitikazo, ndipo ankafuna kulipidwa kuti atseke pakamwa. Frank anamukankhira mlanduwo, apolisi anamuthamangitsa mpaka padenga la British Museum, komwe anagwa n'kufa.

Ambiri amaona Tracy ngati woipitsitsa, ndipo n'zoona kuti kudyera pa mantha a mnzako n'konyansa. Komabe Tracy sanaphe munthu. Kwa Mfumu Pembamoyo, monga kwina konse kwa Achewa pansi pa Kalonga Gawa Undi, nkhani yaikulu imapita pabwalo, pamaso pa nduna, chifukwa akuluakulu amati mlandu suwola. Ukaukwirira umangosamukira pamutu pa wina. Tracy ndi Frank onse anaubisira bwalo mlanduwo, wina pofuna ndalama, wina chifukwa cha chikondi, ndipo chimene chinatulutsa maliro achiwiri ndi chikondicho. Mfumu Davide nayenso anaphimba tchimo lake ndi mtembo wa Uriya, ngakhale kuti Davide anali wolakwa pomwe Alice ankangodziteteza.

Wina anganene kuti Alice akanaulula, oweruza a nthawiyo, amene ankanyonga opha anthu, akanayamba ndi kufunsa chimene mtsikana ankafuna kuchipinda cha mwamuna usiku. Mfundoyi si yopepuka, pakuti funso lomwelo likutsekabe pakamwa atsikana ambiri m'midzi yathu. Bwalo likakhala lokondera, wobisala sitingafulumire kumudzudzula. Koma ufulu wodzibisa umathera pomwe wina wayamba kusenza mlandu wako, angakhale tambwali. Alice anazindikira zimenezi, n'chifukwa chake anapita yekha kupolisi kukaulula. Asanamalize kuyankhula lamya inalira, mkulu wa apolisi anatanganidwa, Frank n'kumutulutsa panja. Pamene Alice ankaseka mokakamizika ndi wapolisi wapakhomo, munthu wina anadutsa atanyamula chithunzi chimene mwamuna wobayidwa uja anajambula, cha chitsiru choseka chikuloza chala.