Musanagule lenzi ya zonse, ana anga a ku Champhira

Ana anga, funso limene mwakhala mukundifunsa mmodzimmodzi ndati ndiliyankhe pamodzi, pakuti ndi limodzi lomwelo. Wina achimwene ake ali ku Joni ndipo alonjeza kumugulira lenzi. Wina wagulitsa kachewere wake pa Jenda, ndalama ikumutentha m'thumba. Nonsenu maso ali pa lenzi imodzi ija yolembedwa 18-200mm kapena 18-300mm, imene ogulitsa amati ukakhala nayo basi watha, sudzafunanso ina. Ndalama ndi yanu, koma ndikufuna muitulutse mukudziwa chimene mukugula ndi chimene mukusiya.

Lenzi imeneyi sindiinyoza ayi. Ife tinaphunzira ntchitoyi pa makamera a filimu ngati Pentax K1000, okhala ndi lenzi imodzi ya 50mm, ndipo ukafuna kuti munthu akule m'chithunzi umamuyandikira ndi miyendo yako. Kampani ya Tamron itatulutsa lenzi ya 28-200mm mu 1992, ojambula ambiri anapumira m'mwamba. Nikon inabweretsa 18-200mm yake mu 2005, Canon mu 2008, ndipo mu 2017 Tamron inafika pa 18-400mm, yokoka chinthu kowirikiza 22. Pitani ku Umthetho pa phiri la Hora mwezi wa Ogasiti mukaone ntchito yake. Uli chilili pamalo amodzi, wajambula gulu lonse la ingoma ndi phiri kumbuyo kwake. Wapotokola pang'ono, wapeza nkhope ya Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V kumene iwe sungaloledwe kuyandikira. Wapotokolanso, wagwira chishango chili m'mwamba phazi likumenya pansi. Wa malenzi awiri akamamasula ina kuti amange inzake, gule wadutsa.

Palinso fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, aliyense wotsegula kamera pabwalo ndiye kuti waitanira fumbi pa sensa, ndipo kadontho kakuda kadzaoneka pamalo omwewo m'chithunzi chilichonse, makamaka pamtambo. Kuti upeze wodziwa kupukuta sensa osaikanda, ndi ulendo wa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Lenzi yosachoka pakamera imakupulumutsa ku zambiri za izi. Pa mpira, pa msonkhano wa masana, pa tsiku la chionetsero cha zaulimi, ndi lenzi yabwino ndithu.

Koma dzifunseni: ndalama yanu yeniyeni imachokera kuti? Imachokera ku ukwati, ku ubatizo, ku chinkhoswe chochitikira m'nyumba, ku kwaya imene ikufuna chithunzi cha pachikuto. Zonsezi zimachitikira mumthunzi, ndipo mumthunzi ndi mmene lenzi ya zonse imafookera.

Yang'anani manambala olembedwa pamphepete pake: f/3.5-5.6, ena f/3.5-6.3. Amenewo akunena kukula kwa khomo lolowera kuwala, ndipo nambala ikamakula khomo limachepa. Pa 18mm khomo lili pa f/3.5. Mukangoyamba kukoka limayamba kutsekeka, ndipo musanafike n'komwe kumapeto lili kale pa f/5.6. Lenzi yosakoka ya f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa f/5.6, ndipo kuposa f/6.3 ndi kowirikiza 12. Tsono lowani nayo nkhaniyi m'tchalitchi. Kaya ndi chakale chija cha Loudon ku Embangweni, kaya ku Katete, kaya kathu kakumudzi ka mazenera ang'onoang'ono kopanda magetsi. Abusa anena kuti avekane mphete. Inu muli chapatali, mwakoka, khomo latsekeka. Kamera ili ndi njira ziwiri zokha. Yoyamba, ichedwetse shata mpaka 1/15, ndipo dzanja la mkwatibwi limene likunjenjemera ndi manyazi lituluka lachimbuuzi, mphete osaoneka. Yachiwiri, ikweze ISO mpaka 6400, ndipo chithunzi chidzadza timadontho. Timadonthoto timayambira pamene pali pakuda: suti ya mkwati, tsitsi, nkhope zathu zomwezi pansi pa mthunzi wa malata. Diresi ituluka yoyera bwinobwino, mwini diresiyo nkhope itawonongeka. Mnzanu wa f/1.8 ataima pomwepo, ISO yomweyo imene inakupatsani 1/15 iye imupatsa pafupifupi 1/150, ndipo dzanja lija liima.

Mundiuza kuti lenziyo ili ndi VR, a Canon amati IS, a Tamron amati VC. Mvetsetsani bwino apa, chifukwa ambiri anamizidwa nazo. Chipangizocho chimaletsa kunjenjemera kwa dzanja lanu inu wojambula. Sichingaimitse amayi a Umanyano amene akulowa akuvina, kapena mwana amene akuphiriphitha pomubatiza. Mundiuzanso za fulashi. Atsogoleri ena a mpingo salola kung'anima pa nthawi ya malumbiro, ndipo akalola, kafulashi ka pamutu pa kamera kamatsekerezedwa ndi kutalika kwa lenziyo: pa 18mm mudzapeza mthunzi wakuda wozungulira m'munsi mwa chithunzi, pa mapazi a operekeza.

Vuto lachiwiri lili m'kapangidwe. Kuti lenzi imodzi ione chapafupi ndi chakutali pomwe, mkati mwake amaikamo magalasi ambiri oyenda uku ndi uku. Ya Nikon ya 18-200mm ili ndi magalasi 16, pamene 50mm f/1.8 ya Canon ili ndi 6 okha. Opanga sangakonze zolakwika za mtunda uliwonse nthawi imodzi, choncho amagawa: apa pachepe pang'ono, apo pachepe pang'ono. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pa 18mm mizere yowongoka imapindikira kunja. Munthu ali ku Cape Town wakutumani kuti mukajambule nyumba yake ya malata imene wakhala akutumizira ndalama zaka zonsezi, inu mwamutumizira chithunzi chimene khoma lake latupa ndipo felemu ya chitseko yakhota. Mwamuyambanitsa ndi mmisiri wosalakwa. Pa chithunzi cha banja lonse, a pakati amatuluka bwino, a m'mphepete nkhope zitakokeka ndi zosathwa, ndipo kawirikawiri kumphepeteko ndi kumene kumaima azakhali amene akulipirani. Kumapeto enawo, pa 200mm kapena 300mm, chithunzi chimafewa, ndipo pamene chovala choyera chakumana ndi malo akuda pamatuluka kamzere kofiirira kapena kobiriwira.

Chimene chimapusitsa n'chakuti pa kasikirini ka kamera zonsezi sizioneka. Pa WhatsApp sizionekanso. Zimadzaonekera tsiku limene banja lati mukatsukitse chachikulu cha A3 choti chipachikidwe pabalaza. Chithunzi cha ukwati sichijambulidwa kawiri, ana anga. Agogo amene anakhala pampando kutsogolo tsiku lija, chaka chamawa mwina sitidzakhala nawo, ndipo chithunzi chanucho n'chimene adzukulu adzawadziwire. Nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri kuposa za mitengo ya malenzi.

Kumbukiraninso kuti lero pa ukwati uliwonse pali mafoni ambirimbiri m'mwamba. Panja dzuwa likuwala, foni yabwino imajambula gulu la anthu mosasiyana kwenikweni ndi lenzi ya zonse pa 18mm. Munthu adzakulipirani chifukwa cha chimene foni ya mlamu wake yalephera: nkhope yowala m'tchalitchi cha mdima, maso akuthwa, anthu akumbuyo atasungunuka kuti mkwatibwi aonekere yekha. Zimenezi zimachokera ku khomo lalikulu.

Ndiye langizo langa nali. Ngati kamera yanu inabwera ndi kalenzi ka 18-55mm, musakataye kapena kukagulitsa. Panja, pa f/8, kamagwira ntchito yoti simungachite nayo manyazi. Ndalama yoyamba ipite ku lenzi yosakoka ya f/1.8, imene mtengo wake umakhala wotsika kwambiri poyerekeza ndi lenzi ya zonse. A Nikon funani 35mm f/1.8 ya DX, imene inatuluka mu 2009. A Canon pali 50mm f/1.8 STM ya mu 2015, yolemera magalamu 160 okha, pamene 18-400mm ija imapitirira magalamu 700, ndipo khosi lanu lidzakuuzani kusiyana kwake pofika madzulo a tsiku la ukwati. Dziwani kuti pa makamera athu a sensa yaing'onowa 50mm imaona mopanikiza, ngati 75mm kapena 80mm, choncho m'chipinda chaching'ono mudzagunda khoma ndi msana anthu asanakwane. Pamenepo a Canon angaganizire 24mm f/2.8 STM. Ndipo uzani achimwene anu ku Joniko asanyengedwe ndi kutchipa kwa 50mm f/1.8D ya Nikon ngati kamera yanu ndi D3100, D3200, D5100 kapena abale ake. Imamangika bwinobwino koma siidzifunira yokha fokasi pa makamera amenewo. Ayang'ane yolembedwa AF-S. Yokoka kutali, 55-200mm kapena 55-250mm, idzabwere ntchito ikayamba kubweza. Kukhala ndi malenzi awiri kulinso ndi ubwino uwu: ina ikagwa pa njinga ya kabaza popita ku Embangweni, ukwati mujambulabe ndi inzake.

Amene munagula kale lenzi ya zonse, musataye mtima, ingoidziwani malire ake. Pewani mapeto ake awiri. Gulu la anthu lijambuleni pa 24mm kapena 35mm mutabwerera m'mbuyo, ndipo musiye mpata m'mphepete kuti pasakhale nkhope. Panja ikani pa f/8, pamene imathwa kwambiri. Mukakoka mpaka 200mm pa munthu woyenda, shata isatsike pansi pa 1/320. M'tchalitchi musakoke, pemphani chilolezo kwa akulu ampingo mwambo usanayambe kuti muime pafupi, khomo likhale lotseguka. Poyenda itsekeni ndi kabatani kake, ngati ili nako, kuti isamadzitambasukire yokha ikalozetsedwa pansi, chifukwa nthawi iliyonse imene ikutalika ndi kufupika imakoka mpweya ndi fumbi lomwe. M'dzinja, ndi masiku aja chifunga chimatsika kuchokera ku Viphya, musaisunge m'chikwama chonyowa kuseri kwa bedi. Chuku chikamera mkati mwa magalasi 16 aja, kuchichotsa kungadye ndalama yoyandikira mtengo wa lenzi ina. Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, wogulayo aunike ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo, ayang'ane ngati muli timizere toyera totambalala pagalasi, ndipo akapeza aisiye.

Musanatumize uthenga ku Joni, chitani ichi. Bwerekani malenzi onse awiri kwa anzanu, mupite ku tchalitchi chanu tsiku limene kwaya ikuphunzira nyimbo, pa ola limene maukwati amadalitsidwa. Muime pamene mumaima pa ukwati, mujambule woimbitsa manja ali m'mwamba, koyamba ndi lenzi iyi, kenako ndi inayo. Zithunzi ziwirizo mukatsukitse pa A4, muzionetse kwa mayi anu osawauza kuti ichi n'cha lenzi iti, ndipo muwafunse chimene angalipire.