Kodi Mmisiri Angaweruze Ntchito ya Manja Ake?

Ku America, ku Ulaya ndi ku Japan kuli anthu amene akaŵeruka ku ntchito madzulo, amakhala pa tebulo ndi chitsulo chowotcherera m'manja, nayamba kulumikiza timawaya ndi tizipangizo tochepa ngati njere za nyemba. Chimene akupangacho ndi ampulifaya ya mahedifoni, ndiye kuti kamakina kowonjezera mphamvu ya nyimbo zisanafike m'makutu. Sawalemba ntchitoyi munthu, ndipo kaŵirikaŵiri sapezapo phindu la ndalama.

Kotchuka pa timakina timeneti ndi kamene amakatcha CMoy, potsata dzina la Chu Moy, amene adafalitsa kapangidwe kake mwaulere chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kamangofuna batire ya 9 volts, kachipangizo kamodzi kokuzira mau kotchedwa op-amp, ndi tizipangizo tina toŵerengeka. Ambiri amakaika m'kachitini ka masiwiti a Altoids, kamene kamakwana m'thumba la malaya. Chifukwa chake chilipo ndithu: mahedifoni ena, monga Sennheiser HD 600 a ma ohm 300, amafuna mphamvu yoposa imene kawailesi kam'thumba kangapereke, ndipo popanda chithandizo amamveka ofooka. Koma sitingakane kuti timakina totere timagulitsidwa kale m'masitolo, mwina pamtengo wochepera ndalama zimene munthu amawononga pogula chitsulo chowotcherera, mtovu, choboolera ndi zida zoyezera. Nanga akuvutikiranji?

Aristotle adayankha funsoli kalekale. Iye adaona kuti mmisiri aliyense amakonda chimene wapanga, ndipo olemba ndakatulo amakonda ndakatulo zawo monga ana awo obala. Adafotokoza kuti tonse timakonda kukhala ndi moyo, ndipo moyo wa munthu umaonekera m'zochita zake. Motero chimene wapanga chili ngati iye mwini ataima panja pa thupi lake. Ife tikuvomereza. Munthu amene wapsa chala ndi mtovu wosungunuka pa madigiri pafupifupi 185, amene wafufuza usiku wonse chifukwa chimene khutu lamanzere silikulira mpaka kupeza kawaya kosagwira bwino, akadzamva nyimbo yoyamba ikutuluka m'kachitini kake, amamva chimwemwe chimene wogula m'sitolo sangachidziŵe. Chimwemwe chotere n'choyenera, ndipo palibe amene ayenera kuchinyoza.

Vuto limayamba pamene iye atsekula pakamwa. Pakuti sanena chabe kuti, "Ndikukonda kamakina kanga." Amanena kuti, "Kanga kakumveka bwino kuposa kogula." Mau aŵiriŵa akuoneka ngati apachibale, koma ndi osiyana kutali. Oyambawo akunena za mtima wake, ndipo iye ndiye mboni yokhayo. Achiŵiriwo akunena za kamakinako, ndipo pamenepo iye ndi mwini mlandu amene wakhala pa mpando wa woweruza. Pabwalo la mfumu zotere sizichitika.

M'chaka cha 2012 akatswiri atatu, Michael Norton, Daniel Mochon ndi Dan Ariely, adafalitsa zimene adapeza atapempha anthu kulumikiza mabokosi a kampani ya IKEA ndi kupinda mapepala kuti apange timbalame ndi tiachule. Opangawo adali okonzeka kulipira zambiri pa zinthu zawo kuposa anthu amene sadazigwire. Chimene chikutikhudza kwambiri ndi chakuti iwo adaganiza kuti anthu enanso aziona zinthuzo kukhala zamtengo wapatali chimodzimodzi. Sadali kunama. Adali kukhulupirira ndi mtima wonse, ndipo pamenepo mpamene pali povuta, chifukwa wabodza angathe kulapa, pamene wodzinamiza sadziŵa n'komwe kuti pali choti alape.

Khutu nalonso silithandiza. Odziŵa za mau adazindikira kale kuti mukamvetsera makina aŵiri, ina ikamveka mokweza pang'ono chabe, pang'ono moti simungazindikire kuti yakwera, mudzati imeneyo ndiyo yomveka bwino. Zimene maso aona ndi mtengo umene mwauzidwa zimaloŵereranso m'zimene mukumva. Apa mpamene bokosi limakhala ndi mphamvu yake. Ena mwa amisiriŵa amatha masabata ambiri akupala matabwa, akupukuta chitsulo cha aluminiyamu, akusankha chotembenuzira mau cholemera bwino m'dzanja. Kamakina kakavala chonchi, khutu limayamba kale kukhulupirira nyimbo isanalire. Makolo athu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ife tingowonjezera kuti mwini mkuyu ndiye amakhala womaliza kuusweka.

M'chaka cha 2011 katswiri wina wa zamagetsi, amene adabisa dzina lake nadzitcha NwAvGuy, adafalitsa kapangidwe ka ampulifaya yotchedwa Objective2, kuti aliyense wofuna adzipangire pamtengo wochepa. Pamodzi ndi kapangidweko adaonetsa manambala a zonse zimene adayeza, ndipo adalimbikira kunena kuti amene akuti makina ena odula amamveka bwino koposa, atsimikize pomvetsera osaona. Njira yake ndi yapafupi: mulinganize kukweza kwa makina aŵiriwo ndi chida choyezera, mnzanu aziwasinthanitsa kuseri kwa nsalu, inu muzingotchula imene ikulira, kambirimbiri. Ambiri adakwiya naye. M'chaka cha 2012 iye adangoti zii, koma anthu adapitiriza kupanga makina akewo.

Tisafulumire kunena kuti manambala ndiwo choona chonse. Alipo amene amapanga ampulifaya za mavalavu agalasi, onga a m'mawailesi akale, akudziŵa bwino lomwe kuti pa chida choyezera makina otere amapotozako mau kuposa a op-amp. Munthu wotere akanena kuti, "Ndikudziŵa kuti imapotoza, koma kupotozako ndiko ndimakonda," sitimupeza cholakwa. Wanena zoona ziŵiri, chilichonse pamalo pake. Ngakhale uja amene wayesedwa kuseri kwa nsalu nalephera kusiyanitsa kachitini kake ndi kogula, sadataye kanthu kenikeni. Luso limene adaphunzira likadali m'zala zake, ndipo kachitiniko akadali nako ufulu wokakonda. Chimene chamuchokera ndi mau amodzi okha, akuti "kuposa", amene sadali ake kuyambira pachiyambi. Ife tikuganiza kuti kulola mnzako kuti akuyese chotero, uli wokonzeka kuchita manyazi pamaso pake, kumafuna mtima wolimba kuposa kuwotcherera tizipangizo zana.

Wina angati, "Bambo, nkhaniyi mwaikuza; munthu akadzinamiza pa nyimbo zake, walakwira yani?" Pa kachitini ka batire, mwina sadalakwire munthu, kupatula mnzake amene adzagule zida zodula chifukwa cha umboni wake. Koma bokosi silili lokongoletsa chabe. Lachitsulo limatchinga phokoso longa la njuchi lochokera ku mawaya a magetsi a m'nyumba, ndipo m'kati mwake muyenera kuyalidwa chotchinga kuti mawaya asakhudze chitsulocho. M'makina a mavalavu mumayenda magetsi opitirira 100 volts, ndipo tizipangizo tosunga mphamvu, totchedwa capacitor, tingathe kuwasungabe makinawo atazimitsidwa. Pamenepo mmisiri wokhulupirira kuti manja ake salakwa akuika pangozi mwana amene adzagwire bokosilo ali kukwaŵa pansi. N'chifukwa chake malangizo a makina otere amalamula kuti munthu akamaliza kuwotcherera asavale mahedifoni msanga, ngakhale mtima ukufunitsitsa. Ayambe watenga chida choyezera, nayeza malo amodzi amodzi magetsi asanaloŵe, kenaka ayezenso ataloŵa, akufanizira nambala iliyonse ndi imene idalembedwa ndi munthu wina amene sadaone ntchito yake. Nambala imodzi ikasiyana, amazula pulagi nayambanso kufufuza.