Nsungwi ya Agogo

Padangotero. Kumtunda kwa Chiromo, kumene Ruo amathira madzi ake mu Shire, mtsinje umagawikana timifuleni tambirimbiri todutsa m'mabango ndi m'gumbwa. M'mudzi wina wa m'mbali mwa dambo limeneli munali mkulu wina, msodzi wa miono, amene maso ake anali atayamba kuchita chidima. Ankayenda ndi mdzukulu wake, mnyamata wadzitho. Mnyamatayo ankaima kumbuyo n'kumakankha bwato, agogowo atakhala kutsogolo ndi kansungwi kawo, akugwaza pansi pa madzi.

"Mchenga uwu, khotera kumanja," ankatero. Pena, "Matope, pita." Pokhota mtsinje ankamuuza kuti azitsata gombe limene madzi akuligumula, poti kuya kuli komweko, mkati mwa khonamo mumaunjikana mchenga. Akamva kuti kutsogolo kwaima kakowa, ankalamula kuti alambalale, chifukwa mbalameyi siima pozama.

Mnyamatayo zinkamutopetsa. Njira yawo inali yokhotakhota, ndipo anzake ankafika padooko iwo akadali m'mabango.

Chilimwe chitafika pachimake, madzi anaphwera kwambiri, nsomba n'kudzazana m'mathamanda. M'mawa wina mnyamata uja anati, "Agogo, lero pumulani. Malo amene mumakhala inuwo ndiikapo nsomba."

"Bwato ndi lako, mwanawe. Koma tenga kansungwika."

"Maso ndili nawo, agogo."

Tsiku limenelo miono inakola zedi. Milamba yonenepa inkaphiriphitha m'bwato, makakana osawerengeka. Mnyamatayo anavuula miono yonse, ngakhale ija agogo ankati isiyidwe mpaka mawa, mwakuti bwato linamira kutsala zala zitatu kuti madzi alowe. Dzuwa litapendeka, anaona pamalo potakasuka, madzi akunyezimira, padooko pakuonekera chapatali. Sanasamale timakwinya timene tinali pamwamba pa madziwo. Anakankha ndi mphamvu zonse, ndipo bwato linakwera pamchenga, n'kukhala.

Anakankha, osasuntha. Anatsika kuti akoke, koma ataona mkukuluzi wa mchira wa ng'ona pamchengapo, anadumphiranso m'bwato. Mdima unagwa, udzudzu unamuzinga, mvuu zikulira chapafupi. Kutaya nsomba anakana. Anazikumbatira usiku wonse, kutentha kwa kuchigwa kukuziwola pang'onopang'ono.

Tambala woyamba atalira, agogo aja anapempha mnansi kuti awatengere m'kabwato kake. Anam'peza mdzukulu wawo nkhope itatupa ndi udzudzu. Sanam'kalipire. Ananunkhiza m'bwatomo n'kunena kuti, "Makakana apita awa. Taya. Milamba ndi yolimba moyo, imene ikupumabe isiye."

Mnyamatayo anataya nsomba akulira, nkhwazi zikuwakha. Bwato litapepuka linayandama. Agogo anasamukiramo, koma ulendo uno anakhala kumbuyo, n'kumupatsa iye kansungwi kaja.

"Khala kutsogolo. Tseka maso, gwaza pansi. Wamva chiyani?"

"Pakulimba, agogo. Pakuchita khekhe."

"Ndi mchenga umene unakugoneka pano. Gwaza kumanzere."

"Pakufewa. Nsungwi ikukanirira."

"Matope amenewo. Madzi akale amadutsa pomwepo. Uzindiuza, ine ndizikankha."

Anayenda choncho, nkhalamba ikukankha mwapang'onopang'ono, mnyamata akutchula mchenga ndi matope. Kawiri analakwitsa, bwato n'kukhula pansi, koma agogo anangoti, "Gwazanso." Pofika pokhota pomaliza, anali atayamba kutchula asanafunsidwe.

Padooko anapeza ogula nsomba apanjinga atapita kale. Amayi ake anatumbula milamba yotsalayo n'kuiwamba pamoto, ndipo inangokwana ndiwo za masiku awiri. M'mawa mwake mnyamatayo analawirira kukadula nsungwi yakeyake, n'kupita nayo kwa agogo kuti amuyezere kutalika kwake.