Kodi Wanjala Angadye Buku?

Aliyense amene adasungako ndalama za gulu, kaya za mphakati kaya za mudzi, amalidziŵa tsiku lija pamene zofunika zichuluka koma thumba lili lopepuka. Pa tsiku lotero akuluakulu amakhala pansi ndi cholembera nayamba kufafaniza. Mankhwala saŵakhudza, malipiro a antchito saŵakhudza, ndipo mseu wokumbika uli ndi oulankhulira ambiri. Cholembera chija chimayendayenda mpaka chikaima pa mzere umene palibe woulirira, ndiwo mzere wa mabuku. Zimatero m'mizinda yambiri ya ku Ulaya ndi ku Amereka, kumene nyumba zoŵerengeramo mabuku zimadalira msonkho wa khonsolo. Kwathu kuno ntchitoyi ili m'manja mwa boma kudzera m'bungwe la National Library Service, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1967, ndipo lili ndi nthambi yake muno mu Zomba. Koma cholembera nchimodzimodzi.

Tisafulumire kumnyoza wogwira cholemberayo, pakuti funso lake nlolemera. Kodi nchilungamo kugula mabuku pamene odwala akusoŵa mankhwala, ndipo mabanja ena akugona ndi njala? Wanjala sangadye buku. Ife amene tidaona zimene namondwe Freddy adachita m'chigawo chino cha kumwera mu Malichi 2023 sitingayankhe funso limeneli mopepuka. Moyo ndiwo uyamba, ndipo amene angakane zimenezi sadakhalepo pa maliro a mwana.

Komabe pali china chimene makolo athu ankachidziŵa. Ngakhale m'chaka cha chilala, mlimi wanzeru ankapachika ngala zingapo za chimanga pamwamba pa moto, kuti utsi uziteteze ku anankafumbwe. Ana ankaziyang'ana ndi maso anjala, koma palibe ankazikhudza. Mlimiyo sadali wouma mtima ai. Adaadziŵa kuti mbeu ndi gawo laling'ono kwambiri la zokolola, kotero kuti kuidya sikuthetsa njala ya lero, koma kumaitana njala ya maŵa. Ndalama ya mabuku nayo njotero. Ukaichotsa yonse sungamange nayo chipatala. Imachotsedwa chifukwa chakuti eni ake salankhula.

Nanga eni akewo ndani? Zomba ndi mzinda wa mabuku. Sukulu ya ukachenjede ya Chancellor idasamukira kuno m'chaka cha 1973, ndipo nyumba yosungiramo zikalata zakale za dziko lino ili pompano kuyambira mu 1947. Koma makomo ameneŵa ngotsekukira makamaka ophunzira apamwamba ndi anthu ofufuza. Mnyamata wa ku Chinamwali amene adalekera sukulu pa njira chifukwa cha fizi, mai wa ku Matawale amene amagulitsa matimati pa msika usana nkumakonzekera kulembanso mayeso a Fomu 4, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Sadzi amene sangakwanitse kugula nyuzi tsiku ndi tsiku: aŵa khomo lao ndi limodzi lokha, laibulale ya anthu onse. Mwana wa munthu wopeza bwino ali ndi lamya ya m'manja ndi ndalama yogulira intaneti. Laibulale ikafooka iye sazindikira nkomwe.

Tonse tidamvako za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya m'zaka za 2001 ndi 2002 idamchotsa pa sukulu ya sekondale, makolo ake atalephera kulipira fizi. Pafupi ndi kwao padali kanyumba ka mabuku, kakang'ono ndithu. M'menemo adapezamo buku la sayansi lotchedwa Using Energy, ndipo ngakhale Chingerezi chake chidali chopereŵera, adatsata zithunzi mpaka adapanga makina opukusidwa ndi mphepo otulutsa magetsi, pogwiritsa ntchito zitsulo za njinga ndi mitengo ya bulugamu. Adali ndi zaka 14. Tiyeni tione bwino apa: mwanayo adali wanjala pamene ankaŵerenga. Akadakhala kuti wina adatseka kanyumba kaja ponena kuti ino si nthaŵi ya mabuku, palibe akadamdzudzula, ndipo palibe akadadziŵa chimene chatayika. Sitikunena kuti mwana aliyense woloŵa m'laibulale adzatuluka ali Kamkwamba. Ambiri adzangopambana mayeso, kapena kuphunzira kulemba kalata yofunsira ntchito. Zimenezo nazonso si zazing'ono.

Vuto nlakuti kutayika kotere sikuoneka ndi maso. Pa 18 Disembala 2015 moto udanyeketsa laibulale ya yunivesite ya Mzuzu pamodzi ndi mabuku ake pafupifupi 45,000. Dziko lonse lidagwira njakata, ndipo abwenzi akunja adatumiza mabuku, chifukwa tsokalo lidagwa usiku umodzi, malaŵi ake akuoneka. Koma ulipo moto wina wopanda utsi. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse. Mabuku ambiri timagula kunja, ndipo pepala losindikizirapo athu omwe limachokeranso kunja. Choncho ngakhale chiŵerengero cha ndalama chikhale chomwe chija m'ndondomeko ya chuma, mabuku amene chingagule ngochepa kuposa kale. Palibe wadula kanthu, koma kwadulidwa. Zili ngati mitengo ya pa phiri la Zomba: tsiku limene agwetsa mtengo, mtsinje wa Mulunguzi sumaphwa tsiku lomwelo.

Mzinda uno udaonaponso mabuku akuchotsedwa mwa mphamvu. Ndakatulo za Jack Mapanje zidachotsedwa m'masitolo ndi m'malaibulale m'zaka za m'ma 1980, mwini wake natsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Masiku amenewo adapita, ndipo tisayerekeze kuŵafanizira ndi athu ano. Chokhacho nchakuti kwa mwana woima patsogolo pa shelefu yopanda kanthu, kuletsa ndi kunyalanyaza kumabala chipatso chimodzi.

M'katekisimu tidaphunzira ntchito zachifundo zamitundu iŵiri, zathupi ndi zauzimu. Kudyetsa anjala kuli m'gulu loyamba, kuphunzitsa osadziŵa kuli m'gulu lachiŵiri, ndipo sitidauzidwe kuti lachiŵirilo lidikire mpaka loyamba litatha, poti silidzatha. Nchifukwa chake tili ndi ufulu wofunsa phungu wathu ndi khansala wathu kuti ndalama ya mabuku chaka chino ndi zingati, ndipo yagula chiyani.

Koma tisanaloze chala ku Lilongwe, tiyang'ane kaye kwathu. Tikudziŵa parishi ina kumene kabati yodzaza ndi mabuku, amene adasiya ansembe akale, yakhala yokhoma zaka zambiri poopa kuti ana angaŵang'ambe. Titaitsekula chaka chatha tidapeza kuti chiswe chadya shelefu yonse yapansi. Mabuku otsalawo tidaŵaika pa tebulo m'holo, ndipo Loŵeruka loyamba kudabwera ana 11.