Mathithi a Shire ndi Funso la Cholinga Chabwino

Mtsinje wa Shire, umene umalekanitsa boma la Neno ndi la Blantyre, umatsetsereka m'matanthwe kuyambira ku Matope, kudutsa pa Nkula, Tedzani ndi Mpatamanga, mpaka ku Kapichira. Mathithi amenewa ndiwo anatchinga anthu oyamba a ku Britain amene ankafuna kumanga mudzi wawo m'dziko lino. Mbiri ya anthuwa imadzutsa funso lachikhulupiriro: kodi cholinga chabwino chimapatsa munthu ufulu wokhazikika pa dziko la eni ndi kuweruza milandu yawo?

Angerezi anayamba kalekale kuphatikiza uthenga wa Mulungu, malonda ndi kusaka malo. M'chaka cha 1585 Walter Raleigh anatumiza anthu kukamanga mudzi pa chilumba cha Roanoke ku America. Chakudya ankadalira eni dziko, koma anakangana nawo mpaka kupha mfumu yawo. Gulu lina lomwe linafikako mu 1587 silinapezekenso pomwe zombo zinabwerera mu 1590.

Maganizo omwewo anafika ku Shire patapita zaka pafupifupi 300. David Livingstone ankakhulupirira kuti Chikhristu ndi malonda a thonje zikathetsa ukapolo, ndipo ankafuna kuti mabanja osauka a kwawo adzakhale ku mapiri a kuno. Atalephera kudutsa mathithi a Kebrabasa pa Zambezi, analowa mu Shire mu Januwale 1859, koma nakonso anapeza mathithi, nawatcha dzina la Murchison. Mu 1861 anthu ake anachita kusenza bwato paphewa, kulambalala matanthwewo, kuti akafike kunyanja.

Chaka chomwecho Bishopu Charles Mackenzie anafika ndi amishoni a UMCA. Pa mudzi wa Mbame, Livingstone ndi anthu ake anamasula akapolo 84, ndipo mfumu Chigunda inapatsa amishoniwo malo ku Magomero. Amang'anja atadandaula za Ayao, bishopuyo anatenga mfuti natsogolera nkhondo, midzi ina nkutenthedwa pamodzi ndi nkhokwe zake. Pambuyo pake amishoniwo anazindikira kuti ambiri mwa Ayaowo anali othawa nkhondo ndi njala kwawo, komanso kuti Amang'anja ena ankagulitsa anthu nawonso.

Apa mpamene anthu amasiyana maganizo. Ena amati Mkhristu sangaone mwana ali m'goli nkungodutsa, pakuti chifundo chongoonerera si chifundo, ndipo anthu 84 aja anapulumukadi. Ena, monga Edward Pusey wa ku Oxford, anadzudzula zoti mtumiki wa Mulungu agwire chida, poti Yesu analetsa Petro kugwiritsa ntchito lupanga. Mbali zonsezi zili ndi mfundo zomveka, koma cholakwa chachikulu chinali pena. Kumasula munthu womangidwa kumafuna mtima wachifundo. Kuweruza mitundu iwiri kumafuna kudziwa chiyankhulo, mbiri ndi chiyambi cha mkangano, zomwe alendowo analibe. Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti nzeru zake zimathandiza, koma kalumoko kamameta bwino mwini mutu akavomera. Mtima woyera sunawapatse amishoniwo nzeru zodziwa wolakwa, ndipo nkhokwe zotenthedwazo zinawonjezera njala pakati pa anthu omwe iwo anabwera kudzathandiza.

Mudzi wa Magomero sunakhalitse. Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire. Otsalawo anasamukira kwa Chibisa, kumene chilala ndi njala zinawapeza, ndipo pofika 1864 mishoniyo inali itapita ku Zanzibar. Mu 1863 Livingstone anayamba kulambula msewu woti anyamulirepo sitima ya Lady Nyassa kuzungulira mathithi, koma boma la Britain linamuitanitsa ntchitoyo isanathe.

Amene anadza pambuyo anadalira eni nthaka. Mu 1875 sitima ya Ilala inadutsa mathithi zidutswazidutswa pamitu pa amtengatenga mazanamazana, ndipo Matope anasanduka doko la sitima zopita kunyanja. Njira yomweyo inadzetsanso ulamuliro wa atsamunda mu 1891, pamodzi ndi msonkho ndi kulandidwa kwa minda, umboni wakuti zotsatira za ntchito sizimvera cholinga cha woiyamba.

Ku Neno Chikhristu chinazika mizu kudzera m'mishoni ya Akatolika ya Neno, ya Seventh-day Adventist ku Matandani ndi ya Anglican ku Matope, makamaka chifukwa cha aphunzitsi ndi alaliki akuda amene ankayenda m'midzi, kupempha malo kwa mafumu ndi kuphunzitsa m'chiyankhulo cha anthu. Phunziro lake nlakuti cholinga chabwino n'chofunika koma pachokha sichikwanira. Wofuna kuchitira anthu zabwino ayenera kuyamba wawamvetsa, kupempha chilolezo chawo, ndi kuvomera kuyankha mlandu pa zimene ntchito yake yabala.